Manja Awiri a Imedi

Imedi anafika ku Nakapanya ndi fosholo yothyoka chigwiriro ndi beseni lachitsulo, ndipo patapita zaka zisanu anali akadali ndi zomwezo. Ntchito yake inali ya aliyense pa msasa wa golidewo: kukumba dzenje m'mbali mwa mtsinje mpaka kufika pa nsangalabwi zakuda, kusenza dothilo m'thumba, kulowa m'madzi ofika m'mawondo ndi kuzunguza beseni mpaka pansi patatsala mchenga wolemera. Ena ankapeza timaso tachikasu mumchengamo. Imedi ankapeza fumbi loti wogula akaliika pa sikelo, kamtengo kamodzi ka machesi kankalipambana kulemera.

Anakwatira Lukia, mwana wa malemu Twaibu wa m'mudzi woyandikana ndi msasawo, nakhala chikamwini m'kanyumba ka udzu kuseri kwa apongozi ake. Mwana wawo woyamba anadwala malungo m'dzinja, nthawi imene msewu wa ku Lichinga umasanduka phala. Njinga yamoto inafuna mafuta, mafutawo anafuna golide, ndipo golide analibe. Anamubereka n'kuyenda wapansi. Mwanayo anamwalira asanafike pa mlatho wachiwiri, ndipo anabwerera naye ali chiberekere.

Mikono khumi yokha kuchokera pa dzenje la Imedi panali dzenje la Aubi, amene anafika naye chaka chimodzi pa lole imodzi. Aubi tsopano anali ndi pampu, njinga zamoto ziwiri ndi nyumba ya malata. Sanali munthu woipa. Anali ndi pakamwa basi.

"Che Imedi, dothi lanu lija silinaberekebe? Muliyang'ane bwino, mwina n'lachimuna."

Anthu ankaseka, Imedi n'kuseka nawo. Madzulo ankakhala pakhonde n'kumayang'ana denga la Aubi mpaka kuwala kutathera pa malatawo.

Mawu amene anamupweteka kwenikweni anachokera kunyumba. Pa sadaka yokumbukira mwana uja, mpunga utachepa alendo asanathe kudya, mchimwene wa Lukia, Sumani, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya m'mudzimo, anamugwira paphewa.

"Alamu, mlongo wathuyu tinakupatsani ali ndi masaya. Mukadzatibwezera mafupa okhaokha tidzawasunga pati?"

Ananena moseka, monga alamu amachitira. Imedi sanaseke. M'mawa mwake sanapite kudzenje.

Ku Nakapanya kunalibe boma, koma kunali lamulo limodzi limene munthu anali asanalithyolepo. Dzenje likagumuka ndi munthu m'kati, amene waona ankatenga beseni n'kulimenya ndi mwala. Likangolira, aliyense ankasiya chimene wagwira n'kuthamanga. Myao, Mngoni, wa ku Mbinga, wopemphera ndi woledzera, onse ankagwada pa dothi limodzi n'kumafukula ndi manja, chifukwa fosholo ingadule munthu amene mukumufunayo. Golide ankatsala poyera m'mabeseni ndipo palibe ankamukhudza. Palibenso ankafunsa kuti wakwiriridwa ndani. Aliyense ankadziwa kuti mawa ndi iye.

Kuseri kwa maenje akale, pansi pa mtengo wa msuku, ankakhala Che Mkwepu, nkhalamba yosoka matumba ong'ambika. Analibe zikhadabo; zinathera m'dothi kalekale. Anthu ankamupatsa moni ali patali. Imedi anafika dzuwa lili paliwombo.

"Mwachedwa, mkamwini wa kwa Twaibu," anatero Mkwepu osadzutsa mutu. "Ndinkayesa mubwera dothi la pamanda a mwana lisanaume."

"Akuti mumadziwa kumene golide amagona."

"Golide sagona. Amadikira. Bweretsani beseni."

Analitembenuza, naligogoda ndi chala ngati munthu wogula mphika. Kenako anatapa zinthu zakuda m'chigoba cha nkhono n'kupaka pansi pake. Anatenga singano yake yosokera matumba, nabaya Imedi pakati pa chikhatho chilichonse, namuuza kuti asindikize manja onse awiri m'besenimo.

"Ndilipire chiyani?" anafunsa Imedi. "Mbuzi ndilibe."

"Mbuzi ndiitani ine? Mano ndilibe."

"Magazi a m'bale sindingapereke. Ndikuneneratu."

"Ndani wapempha m'bale? Mumamvera nthano za ana, Che Imedi. Ine ndikufuna kanthu kakang'ono. Beseni la ngozi likalira, inu musathamange. Tapani dothi pomwe mwaimapo, lililonse, ngakhale la panjira. Mutsuke mpaka pansi. Musadzutse mutu, musaliike pansi lisanathe. Golide wanu ali mu kanthawi kameneko."

Mphepo inagwetsa suku limodzi pakati pawo.

"Ndiye kuti munthuyo afa chifukwa cha ine?"

"Mudzagwetsa dothi ndinu? Dothi limagwa lokha. Linkagwa musanabwere, lidzagwa mutachoka. Pa msasa pano pali manja angati?"

"Ambiri."

"Mazana. Ine ndikupempha awiri. Manja awiri pakati pa mazana, adzawasowa ndani?"

"Nanga ndikasiya beseni pakati?"

"Nthaka siikonda munthu woitana kenako n'kutembenuka. Idzatenga zonse zimene inakupatsani, ndipo mudzabwerera pa kamtengo ka machesi mpaka imfa." Anabweza singano pa thumba limene ankasoka. "Kutsuka beseni limodzi kumatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Ngati kusuta ndudu ziwiri."

"Eya. Ndi mpweya umene munthu amakhala nawo pansi pa dothi. Ndinakhalako, ndikudziwa. Pitani bwino."

Panapita milungu itatu beseni la Imedi likutulutsa fumbi lomwe lija. Kenako, m'mawa wina mvula itagwa usiku wonse, chitsulo chinalira kumtunda. Anthu anatuluka m'maenje ngati nyerere. Miyendo ya Imedi inayamba yokha kuthamanga, ndipo anachita kuiletsa. Anawerama, natapa matope pafupi ndi phazi lake, nalowa m'madzi. Madzi ankamutayikira pachifuwa. Kumtunda ankamva anthu akuitana dzina limene sankalidziwa.

Mchenga utatha, pansi pa beseni panali mwala wachikasu waukulu ngati mtedza.

Wokwiriridwayo anali mnyamata wa ku Mbinga amene anali atangokhala sabata ziwiri. Anamutulutsa atafa. Imedi anapita kumaliro, anathira nawo dothi, ndipo anadziuza kuti ngakhale akanapita, sizikanasintha. Mwina zinali zoona.

Anagula malata. Anagulira Lukia zitenje zitatu ndi nsapato, apongozi ake bulangeti. Sumani anabwera kudzaona denga, naligogoda ndi ndodo.

"Alamu, ndabweza mawu anga aja. Mukamuuzenso Aubi kuti dothi lija linali lachikazi ndithu."

Ulendo wachiwiri beseni la ngozi linalira chakumasana. Miyendo ya Imedi sinafunenso kuthamanga. Anatsuka bwinobwino, modekha, mpaka pansi. Munalibe kanthu, ngakhale fumbi. Akudabwa choncho anamva nthungululu kumtunda: anthu awiri anali atatulutsidwa amoyo, akutsokomola matope. Msasa wonse unavina. Imedi anaima m'madzi akuyang'ana beseni lopanda kanthu, ndipo chimene anamva mumtima mwake chinali mkwiyo. Anachizindikira. Anasamba kumaso kangapo, koma sichinachoke.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyang'ana kumwamba mosiyana ndi anzake. Mitambo ikasonkhana, ena ankadandaula za makoma a maenje awo. Iye ankadzuka msanga n'kukakhala pafupi ndi madzi, beseni lili pamiyendo. Anasiya kukumba. Anasiya kupita kumzikiti, chifukwa mzikiti unali kutali ndi mtsinje. Akamadya ankasiya kutafuna pakamveka chitsulo chilichonse, ngakhale mkazi akukwecha poto.

Ulendo wachitatu wokwiriridwa anali Che Wochi, mkulu amene anamuphunzitsa kuzunguza beseni chaka chake choyamba, amene ankamugawira chinangwa chootcha masiku opanda kanthu. Amene ankadutsa akuthamanga anafuula dzina lake. Imedi analimva bwinobwino. Sanadzutse mutu. Tsiku limenelo anapeza miyala itatu, ndipo anagula pampu yoposa ya Aubi, ngakhale analibe dzenje loipopera.

Koma tsiku limenelo Aubi anamuona. Madzulo ake, pa malo omwera tiyi, analankhula anthu onse akumva.

"Che Imedi, makutu anu aja mwagulitsa kodi? Kapena miyendo? Ndinakudutsani muli m'madzi ngati kakowa."

"Sindinamve. Madzi ankasokosa."

"Madzi omwewo ife tinamva. Che Wochi tinawapeza akadali ofunda." Aubi sanali kuseka. Anasuntha kapu yake kupita kumapeto kwa benchi, ndipo ena anasuntha nawo.

Nkhani inafika kunyumba iye asanafike. Anapeza Lukia atapinda zitenje zitatu zija n'kuziika pa mphasa, nsapato pamwamba. Anali atavala chitenje chake chakale chimene anaberekera mwana.

"Ndifunse kamodzi, Che Imedi. Munamva?"

"Abiti Twaibu, pali anthu mazana pa msasa pano."

"Sindinafunse za anthu mazana."

Imedi anakhala pansi. "Mwana wathu anafera panjira chifukwa cha mafuta a botolo limodzi. Mwaiwala? Anathamanga ndani tsiku lija? Analiza beseni ndani?"

"Sindinaiwale. Ndinamubereka ndine." Lukia analankhula motsitsa. "Che Wochi ndi amene anakumba manda ake. Inu munalibe mphamvu, munangokhala. Mwaiwala ndinu."

"Kamodzi kokha katsala. Ndikapeza kamodzi, tichoka. Tikakhala ku Lichinga, pafupi ndi chipatala. Mwana wina akadzabwera sadzafera pamsana."

"Kamodzi ka ndani? Mwamusankha kale?"

Imedi anayang'ana beseni lake.

"Ine za m'beseni limenelo sindidya," anatero Lukia. "Ndili kwa amayi. Mukadzalitaya mumtsinje mudzandipeza."

Anachoka. Kuti asalemetse amayi ake, anayamba kupita ndi akazi amasiye kukakunkha, monga ankachitira asanakwatiwe: kutapa dothi lotayidwa m'munsi mwa makoma a maenje akale n'kulitsukanso, kuti apeze ya mchere ndi sopo. Sumani anamuletsa kawiri. Lukia anati manja ali nawo.

Imedi sanataye beseni. Ankati adzalitaya likadzamupatsa komaliza.

Lachinayi lina, akuyenda m'mphepete mwa maenje akale, anaona mng'alu pamwamba pa khoma lalitali loyang'ana kumtsinje. Unali wopyapyala, wotalika ngati mikono isanu, ndipo madzi a mvula ankalowamo osatulukanso. Wokumba aliyense amadziwa tanthauzo lake. Mwambo ndi wakuti amene waona amazika nthambi yaiwisi pamenepo ndi kuuza onse. Imedi anathyola nthambi. Anaima nayo nthawi yaitali. Ankadziwa kuti akazi amakunkha pansi pa makoma amenewo. Anadziuza kuti makoma ndi ambiri, akazi ndi ambiri, ndipo Lukia amakonda kumtunda kumene kuli mthunzi. Anataya nthambiyo m'tchire.

M'mawa mwake anasamukira pamenepo ndi beseni lake, nakhala m'mbali mwa madzi, mapazi makumi atatu kuchokera pa khomalo. Kukhota kwa mtsinje kunkabisa pansi pa khomalo, ndipo sanazungulire kuti aone amene analipo.

Linali Lachisanu. Dzuwa litakwera, amuna anasamba, navala mikanjo, napita kumzikiti kumudzi, ulendo wa theka la ola. Amene sapemphera anali atapita kumtunda kwenikweni, kumene kunamveka golide watsopano sabata imeneyo. Mtsinje unakhala zii.

Khoma linagwa popanda phokoso lalikulu. Linangomveka ngati ng'ombe yagona pansi. Kenako chitsulo chinalira, chofooka, chomenyedwa ndi dzanja la nkhalamba.

Imedi anatapa dothi, nalowa m'madzi.

Atangozunguza kawiri anaona kale chikasu chikusuzumira m'matope, chochuluka kuposa chimene anaonapo. Anamva mapazi pa miyala. Anali Abiti Saide, wamasiye wa Che Wochi, mpango utagwa, manja ali matope mpaka m'zigongono.

"Che Imedi, bwerani. Tilipo atatu okha, akazi. Dothi n'lolemera."

Iye anapitiriza kuzunguza.

"Che Imedi, ndi Lukia. Ndi mkazi wanu. Tikumumva, akuitana."

Beseni linaima. Madzi anadekha m'katimo, ndipo golide anaoneka bwino, atayala pansi ponse. Mwina linali litatsala ndi ndudu imodzi. Anakumbuka kamtengo ka machesi. Anakumbuka mlatho wachiwiri. Anaganiza kuti Lukia ndi wamphamvu, kuti ngati akuitana ndiye kuti ali ndi mpweya, kuti amaliza msanga n'kuthamanga, n'kukhala nazo zonse ziwiri.

"Ndikubwera, mayi," anatero osadzutsa mutu. "Yambani. Ndikubwera."

Abiti Saide anamuyang'ana kamphindi, nabwerera akuthamanga.

Chifukwa cha bata lija, amuna anamva chitsulocho ali pakati pa swala mumzikiti. Anatuluka opanda nsapato. Sumani anafika woyamba, chifukwa anadulira m'dimba. Anapeza akazi atatu okalamba atafukula dzenje lofika m'chiuno ndi manja, zala zikutuluka magazi, ndi Imedi atangogwada kumene pambali pawo, chikhatho chamanzere chili chofumbata, akukumba ndi dzanja limodzi. Panatsala dothi losapitirira mkono. Sumani anagwira phazi la Lukia. Linali lofunda.

Anamutulutsa, namupukuta pakamwa ndi m'mphuno, namuuzira mpweya. Shehe anafika, nagwira pakhosi, nachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. Akazi amene anasambitsa thupi madzulo amenewo ananena kuti anali ndi pakati pa miyezi itatu. Mwamuna wake anali asanauzidwe.

Imedi sanalire. Pamanda anatambasula chikhatho chija, nafuna kuika zimene zinalimo pa nsalu yoyera. Aubi anamugwira pamkono.

"Ayi, Che Imedi. Iye anakana ali moyo."

Golideyo anagwera m'matope pakati pa mapazi a anthu. Anali wokwanira kugula lole. Palibe anawerama. Anapondedwa pamene ankathira dothi, ndipo ali pomwepo mpaka lero.

Patapita masiku atatu chitsulo chinalira ku maenje akale. Msasa wonse unathamanga. Anapeza Imedi yekha atagwada pa dothi logumukalo, akumenya beseni lake ndi mwala.

"Fulumirani," anatero. "Akadaitana."

Anamubweza kunyumba. Mawa lake linaliranso, ndipo anathamanganso, chifukwa palibe angadziwe. Tsiku lachinayi ena anayamba kuyenda m'malo mothamanga, ndipo akuluakulu anaona kuopsa kwake. Anamulanda beseni n'kuliponya pa dziwe lakuya. Anapachika mkombero wachitsulo wa tayala la lole pa mtengo pakati pa msasa, kuti ukhale mawu atsopano a ngozi, ndipo anaukweza pamwamba poti Imedi sangafikire.

Sumani anapita kwa Che Mkwepu ndi chikwanje m'manja. Anamupeza akusoka thumba.

"Aphunzitsi," inatero nkhalambayo, "ndinagwetsa dothi ndine? Ndinamanga munthu miyendo? Anabwera yekha, ndipo wina anamutuma. Akuti kunali sadaka, mpunga unachepa."

Sumani anabwerera chikwanje chili chouma.

Malata aja anaphwasulidwa ndi mphepo, pampu inachita dzimbiri pakhonde. Imedi akadalipo. Amagona pa dothi logumuka lija, ndipo kukacha amafukula ndi manja onse awiri. Mvula ikagwa imabweza dothilo, iye n'kuyambiranso. Zikhadabo zake zinatha. Ana samugenda. Madzulo aliwonse Sumani amamupititsira chakudya m'mbale, amachiika pa mwala, n'kunena kuti, "Alamu, idyani." Imedi amayankha mwaulemu kuti akubwera.

Sumani ameneyo ndine. Lukia anali mlongo wanga mmodzi yekha.

Ndalemba izi chifukwa chaka chilichonse malole amatsitsa anyamata atsopano ku Nakapanya, aliyense ndi beseni lake ndi chisoni chake, ndipo mtengo wa msuku uja ukadali ndi mthunzi. Umphawi ndi wowawa. Ndinauona ukupha mwana wa mlongo wanga, ndipo sindidzausekanso pa munthu aliyense. Koma chuma cha mankhwala chimalipiridwa ndi munthu, ndipo wogula sasankha kuti akhale ndani. Umbombo suyamba ndi mpeni. Umayamba tsiku limene munthu wavomera kuti manja ake awiri sawerengedwa, ndipo umamusunga wowerama pa beseni mpaka tsiku limene manja awiriwo ndi okhawo amene analipo.